Amene Ankadikira Lumbe

Dzina langa ndine Vânia Lumbe. Inde, lumbe yemweyo, mbalame ija imakhala pakati pa msewu usiku, maso ali psuu. Ukaiyandikira imauluka pang'ono n'kukateranso patsogolo pako. Ku sikola anzanga ankandiseka nalo dzinali, koma ine ndinakula ndikulikonda. Mdima sunandiopsepo. Ntchito yanga ndi yotemera nkhuku ndi mbuzi m'midzi ya kuno ku Ntengo-Wambalame. Ndimayenda ndekha pa mota, njinga yanga yamoto, ndipo kawirikawiri dzuwa limandilowera ndili kutali. Afisi ndakumana nawo. Oledzera ogona pamsewu ndawadzutsapo ambiri. Koma zimene ndikuuzeni lerozi ndi zina.

Linali Lachinayi, mwezi wa Novembro, mvula yoyamba itagwa kawiri. Ndinali pakhonde ndikusankha mbewu ya kachewere, yoola uku, yabwino uku. Foni inalira. Anali alamu anga a Domingos, amuna a mkulu wanga Felicidade, amene anakwatiwa ku Chidzolomondo, ku Macanga.

"Mlamu, mankhwala aja munagula?"

"Ndinagula ku Ulongwe. Ndibwera nawo sábado, Loweruka likubwerali."

"Sábado n'kutali. Mphumu yamugwira chiyambire masana, ndipo kopopera m'kamwa kaja katha. Ku chipatala chathu kuno akuti alibe. Tamverani nokha."

Anaika foni pakamwa pa mana Felicidade. Ndinamva kupuma kwa mluzu, kokoka, ngati mphepo yolowera pa mng'alu wa chitseko.

Sindinafunsenso zambiri. Ndinaika timabotolo tiwiri topopera m'thumba la jekete, n'kuthira gazolina m'mota mpaka kudzaza. Amayi anga, a Dailesi, amakhala nyumba yoyandikana ndi yanga. Bambo anamwalira zaka zisanu zapitazo. Ndinawauza amayi kumene ndikupita, iwo n'kungoti, "Yenda bwino, ukandiimbire." Ndinanyamuka cha m'ma vinte horas, 8 koloko usiku. Ulendowo ndi wa maola anayi mitsinje ikakhala kuti sinadzaze.

Maola awiri oyamba ndinayenda bwinobwino. Msewu unali wonyowa koma wosaterera. Alumbe anali mbwee, monga amachitira nyengo imeneyo. Uyu auluke, uyo atere. Mmodzi anali wamphongo, wa nthenga ziwiri zazitali kumapiko, zokhala ngati nsalu zong'ambika. Ameneyo anandiperekeza mtunda wautali. Ndinamulankhula ndikuseka, "Wachibale, tachoka panjira, ndili ndi changu."

Nditadutsa timagolosale tomaliza, msewu unatsetsereka kulowera ku kamtsinje kopanda mlatho. Pamenepo timawoloka pamiyala. Tsidya lino pali mkuyu waukulu. Ndinadutsapo kambirimbiri, masana ndi usiku womwe.

Lumbe uja anatera pakati penipeni pa msewu. Ndinaliza hutala. Sanauluke. Ndinayandikira mpaka tayala linatsala pang'ono kumugunda. Anangondiyang'ana. Ndinagwira buleki, mota n'kuzima.

Kunali zii. Achule amene ankalira m'mbali mwa madzi anasiya onse pamodzi.

Nyali ya mota inali ikuwalabe mofooka, ndipo m'kuwala kumeneko ndinaona mapazi. Mapazi opanda nsapato, pansi pa mkuyu. Ndinakweza maso. Anali anthu asanu ndi awiri, ataima phee pafupi ndi katundu wawo. Panali amayi atatu, miphika ndi mphasa zili pambali pawo. Mmodzi anavala thumba la chimanga loboola m'khosi ndi m'manja. Panali nkhalamba ya ndodo, ndi mayi wina wokalamba atakhala pa muzu. Panali kamtsikana kofukata nkhuku, ndipo nkhukuyo sinkagwedera. Patsogolo pa onse panaima bambo wamtali, wowonda, wa zaka ngati makumi atatu. Pamapazi pake panali mutu wa makina osokera, wokulunga m'chiguduli.

Ndinaganiza kuti ndi anthu opita ku maganyu a fodya.

"Boa noite," ndinatero.

Kenaka ndinawalonjeranso m'chilankhulo chathu.

"Mwaswera bwanji, makolo? Mukudikira galimoto? Kuno usiku sikudutsa galimoto."

Bambo wamtali uja anasendera pafupi. Analankhula monong'ona. "Ndinu yani?"

"Vânia. Vânia Lumbe, wa ku Ntengo-Wambalame."

Ndisanatseke pakamwa, onse anayamba kusuntha. Amayi aja anapinda nkhata n'kusenza miphika. Wokalamba uja anadzuka pa muzu. Ndinamva akuuzana, mmodzi ndi mmodzi, chapansipansi: "Lumbe wabwera. Lumbe wabwera."

"Mwachedwa," anatero bamboyo. "Zimitsani nyaliyo, angatione."

"Atione ndani?"

"A mfuti. Anali kuseri kwa phiriko dzuwa likulowa." Anaika makina ake paphewa. "Njira ya kumalire ili bwanji? Pamene anakwirira mabomba mwapaona?"

Ndinayang'ananso thumba limene mayi uja anavala. Ndinayang'ana nthaka pansi pa mkuyu. Mvula inali itagwa, koma zovala zawo zinali zouma, zodzala fumbi, ndipo kunkamveka fungo la udzu wopsa.

Ndinagwira thumba la jekete. Timabotolo tinali momwemo. Ndinakumbukira kupuma kwa mana, ndipo mantha anachepa. Ndinalibe nthawi yochita mantha.

"Bambo," ndinatero, "nkhondo inatha chaka cha noventa e dois, 1992. Ine ndinabadwira ku Malawi kothawako, tinabwerera ndili pamsana. Kulibenso a mfuti. Mabomba anachotsa kalekale."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo chachilendo.

"Ulendo uja munatenga mmodzi," anatero. "Lero mutenge tonse."

Sindinamvetse. Ndikanatha kuwanamiza kuti adikire, ndibweranso. Koma ine sindinamiza munthu panjira, wamoyo kapena wina aliyense.

"Tamverani. Ine sindikupita kumalire. Malire ali kumbuyo kwangaku, kummawa. Ndikupita ku Chidzolomondo. Mkulu wanga akulephera kupuma, ndipo mankhwala ake ali ndi ine. Sindingabwerere."

Bamboyo anatembenukira anzake. Kenaka anati, "Ndiye tikutsatani komweko. Sitikhalanso pano."

Ndinaponda kiki kamodzi, mota inalira. Lumbe uja anauluka. Ndinawoloka kamtsinje madzi akuthovoka m'mbali, n'kukwera chitunda cha tsidya lina. Nditafika pamwamba ndinayang'ana pa kagalasi.

Anali kumbuyo kwanga. Ankayenda mondondozana, katundu ali pamutu, wamtali uja patsogolo. Sankathamanga ayi. Ankangoyenda, mapazi ngati makumi awiri kuchokera pa tayala langa.

Ndinaonjezera moto. Mota inathamanga mpaka chiwongolero kunjenjemera m'manja. Ndinayang'ananso. Anali pomwepo, mtunda womwewo, akuyenda mwakachetechete ngati anthu opita kumaliro.

Kuti mtima ukhale m'malo, ndinayamba kuimba nyimbo ya ku kwaya yathu. Ndinaimba mokweza. Ndisanamalize ndime yoyamba, mawu a mayi anamveka pakhutu panga penipeni, mkati mwa chipewa changa cha pa mota.

"Shii. Atimva."

Ndinasiya kuimba. Ulendo wonse wotsalawo ndinayenda kukamwa kuli kotseka.

Ndinafika ku Chidzolomondo pakati pa usiku patapitirira. A Domingos anali pakhomo ndi tochi. Ndinalowa chothamanga. Mana Felicidade anali atakhala pamphasa, atatsamira khoma, milomo itachita mbuu, mapewa akukwera ndi kutsika. Ndinawaika kopopera pakamwa. Kamodzi. Tinadikira. Kawiri. Ndinawagwira dzanja ndikuwerenga mpweya wawo. Patapita nthawi mluzu uja unayamba kuchepa. Thukuta linatuluka pamphumi. Anatsegula maso n'kundizindikira.

"Vânia, wabwera usiku uno?"

"Ndabwera, mana. Musalankhule."

Anayang'ana kuchitseko, chimene chinali chotsegula. "Nanga alendo wabwera nawowo bwanji osawalowetsa? Kunja kukuzizira. Mwanayo alibe n'chofunda chomwe."

A Domingos anatuluka ndi tochi. Anazungulira nyumba, anaunika kukhola, anaunika ku chigafa cha fodya. Anabwerera akupukusa mutu. "Kulibe munthu. Koma galu walowa pansi pa nkhokwe, akukana kutuluka."

Ndinatseka chitseko n'kukhala pafupi ndi mana mpaka kunacha.

M'mawa ndinapita pamene ndinaimika mota. Nthaka yonyowa inali ndi mapazi ambirimbiri opanda nsapato, aakulu ndi aang'ono, ozungulira mota yanga. Pambali pa tayala lakutsogolo panali dindo la ngodya zinayi, lakuya, pamene panakhala chinthu cholemera usiku wonse. A Domingos anaona. Anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana. Anatenga tsache n'kusesa.

Ndinakhala mpaka masana kuti ndione ngati mana apezadi bwino. Atadya phala n'kuyamba kundikalipira za kuyenda usiku, ndinadziwa kuti achira. Ndinanyamuka dzuwa likadali pamwamba, ndikufuna kukafika kwathu kusanade. Koma panjira tayala linaphulika, ndipo wokonza ndinamupeza patali. Mdima unandipeza ndisanafike pa kamtsinje kaja.

Dzuwa litangolowa, ndinayang'ana pa kagalasi. Analipo, onse asanu ndi awiri.

Ndinaganiza kuti tikafika pa mkuyu atsala. Ndinachepetsa liwiro dala podutsa pamenepo. Palibe ngakhale mmodzi anayang'ana mtengowo. Anapitirira nane.

Ndinafika kwathu cha m'ma vinte e uma, 9 koloko usiku. Amayi anali pakhonde pawo, nyali ili pambali, akusankha nyemba m'lichero. Anadzuka kuti andilonjere. Kenaka maso awo anandipitirira, n'kuyang'ana kumbuyo kwanga. Lichero linagwa. Nyemba zinamwazika pakhonde ponse.

"Alberto," anatero.

Dzina limenelo ndinali ndisanalimvepo m'nyumba mwathu.

"Amayi, mukuwaona?"

"Wawatenga kuti?"

"Pa mkuyu wa pa kamtsinje, njira ya ku Macanga. Anandifunsa dzina, ndinawauza."

Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono. Sanalire. Analankhula maso ali pabwalo, osati pa ine.

"Chinali chaka cha oitenta e sete, 1987. Mudzi wathu anautentha. Tinatsala anthu asanu ndi atatu, tinathawira kuthengo. Kunali munthu wina wodziwa njira zozemba, amene ankawolotsa anthu kupita ku Malawi. Dzina lake Sebastião, mfunda wake Mbewe."

"Bambo?"

"Bambo ako. Lumbe silinali dzina la makolo awo. Anthu ndiwo anawatcha choncho, chifukwa cha kayendedwe kawo. Ankatsogola usiku, n'kunjuta pakati pa njira kumvetsera, ife tikayandikira n'kunyamukanso. Tinatumiza mawu, iwo anayankha kuti tikadikire pa mkuyu uja. Tinadikira masiku atatu. Usiku wachitatu anabwera. Anati njira yadzaza a mfuti, gulu silingadutse, atiwolotsa mmodzimmodzi. Anati ayamba ndi ine."

"Nanga Alberto ndani?"

"Mwamuna wanga woyamba. Telala. Tinali titakhala m'banja miyezi isanu." Amayi anapitiriza, "Iyeyo ndiye anandikankha kuti ndipite. Anati, tsogola, ndikupeza."

Ndinayang'ana pabwalo. Ine sindinkaona kanthu ndi maso anga pamenepo, koma nkhuku za m'khola zinkasuntha mosakhazikika.

"Tinayenda mausiku awiri," anapitiriza amayi. "Ku kampu wolemba maina anafunsa dzina, anthu amene analipo anafuula kuti ameneyo ndi Lumbe. Analemba Lumbe. Ine anandilemba kuti ndine mkazi wake, kuti tilandire chakudya pa khadi limodzi. Patatha chaka, zimene analembazo zinakhala zoona."

"Bambo anabwerera kukatenga enawo?"

"Anandiuza kuti anabwerera, n'kupeza pamtengo palibe munthu."

"Inu munakhulupirira?"

Amayi anadzuka, analowa m'nyumba, anatuluka atamanga chitenje china m'chiuno ndi mpango kumutu.

"Gazolina alimo?"

"Alimo wokwanira."

"Tiye kumalire. Anthuwa atopa."

Anakwera kumbuyo kwanga n'kundigwira m'chiuno. Manja awo anali ozizira. Tinalowera kummawa. Mwezi unali utatuluka. Pa kagalasi ndinkaona mzere uja ukutitsata, ndipo tsopano unali pafupi kuposa dzulo.

Malire a kwathu kuno si mpanda, si mtsinje. Ndi msewu chabe, ndi chipilala cha simenti chimene mbuzi zimadzikandapo. Tsiku la msika timawoloka ndi matumba a kachewere osaganizako n'komwe. Ndinaimika mota pafupi ndi chipilalacho. Kutsidya kunkaoneka nyali za malole patali.

Amayi anatsika. Anaima pakati pa msewu, anatembenukira kumene tinachokera. Pamenepo ndinawaonanso ndi maso anga, onse, ataima m'kuwala kwa mwezi, katundu ali pamutu.

"Ndi pano," anatero amayi mokweza. "Uko ndi ku Malawi. Kulibe wokuthamangitsani. Agogo Fabiano, wolokani."

Nkhalamba ya ndodo ija inadutsa pakati pa ine ndi amayi. Ndinamva kamphepo kozizira ndi fungo la utsi. Itaponda tsidya lina, sindinaionenso.

"Verónica, woloka. Chawezi, mwanawe, gwira nkhuku yako, woloka."

Anawaitana mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina lake, osaiwala ngakhale limodzi patapita zaka zonsezo. Ndinkawerenga. Anayi. Asanu. Asanu ndi mmodzi. Aliyense akaponda tsidya linalo ankazimirira ngati nthunzi ya pamphika.

Anatsala wamtali uja.

"Alberto," anatero amayi. Mawu awo anatsika. "Wolokani."

Iye anatsitsa makina paphewa n'kuwaika pansi. Anaima chilili, akuwayang'ana.

"Ndakupemphani, wolokani. Anzanu apita."

Sanasunthe. Amayi anamuyandikira mpaka kutsala phazi limodzi. Mayi wa imvi, ndi mwamuna amene anaoneka ngati mwana wawo. Analankhula naye chapansipansi nthawi yaitali. Sindinamve mawu ake, ndipo sindinasendere kuti ndimve. Pomaliza amayi anabwerera kumota n'kukwera.

"Tiye kunyumba," anatero. "Koma usathamange. Katundu wakeyo ndi wolemera."

Tinabwerera pang'onopang'ono. Tinafika atambala oyamba akulira.

Nkhani siibisika kuno. A Domingos anauza mbale wawo za mapazi aja, mbale wawo anauza a pamsika, ndipo pofika Lamulungu aliyense anali ndi yake. Akuluakulu ena amanong'ona kuti Sebastião anali atamuona kale Dailesi nkhondo isanafike, ndipo kuti pa mkuyu paja sanapondeponso. Ena amakana. Amati munthuyo anawolotsa mazana a anthu osalandira kanthu, ndipo anabwereradi, koma a mfuti anali atamutsogolera. Mayi wina wa ku tchalitchi kwathu amati anthuwo anamva mbalame ikulira usiku, wina n'kunena kuti lumbe wafika, onse n'kutuluka pobisala nthawi yolakwika. Amene angadziwe zoona ali m'manda, ndipo dzina lake ndi limene lili pa bilyeti yanga, chiphaso changa cha boma.

Ine ntchito ndikugwirabe, usiku ndikuyendabe. Pa mkuyu paja ndadutsapo kanayi chichitikire zimenezi. Achule amalira, palibe amaima pamenepo. Mana Felicidade ali bwino, ndipo za alendo aja akuti sakukumbukira.

Koma amayi asintha. Dzuwa likamalowa amatulutsa mipando iwiri pakhonde. Amakhala pa umodzi. Winawo salola munthu kukhalapo, ngakhale abusa atabwera kudzacheza. Ndikagona ndimawamva akulankhula motsitsa mpaka usiku kwambiri, n'kumaima ngati akumvetsera yankho. Oyandikana nafe akuti amamva mawu a anthu awiri. Ine ndimamva amodzi.

Sabata yatha ndinawapeza m'munda akupalira nyemba. Tinali awiriwiri, dzuwa lili pamutu. Ndinalimba mtima.

"Amayi, a Alberto aja akufuna chiyani kuti apite?"

Sanaweramuke. Khasu linapitiriza kugwa.

"Ali ndi funso limodzi lokha," anatero. "Akufuna kudziwa ngati ine ndinkadziwa, usiku umene ndinkanyamukawo, kuti bambo ako sadzabweranso kudzawatenga."

"Nanga munkadziwa?"

Amayi anafika kumapeto kwa mzere. Anagogoda khasu pamwala kuchotsa dothi, anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kuyamba mzere wina.